Uthenga Umene a Gerevazio Anabwerera Nawo

A Gerevazio Mbewe ndi alamu anga. Anakwatira a Anastazia Nangozo, mlongo wa malemu amuna anga a Petulo, ndipo nyumba zathu zinayang'anizana makomo m'mudzi wina waung'ono wa kwa Kaphuka. Ine ndinalowa m'mudzimo chitengwa, chifukwa amuna anga ndiwo anali mwini mbumba ndipo sakanatha kusiya alongo awo opanda wowayang'anira. A Gerevazio analowamo chikamwini. Tonse awiri tinali obwera, motero eni mudzi akamakambirana zawo, ine ndi iwo tinkakhala kumapeto kwa mphasa n'kumamvetsera.

Ndi munthu wamfupi, wa khosi lonenepa, ndipo pakati pa mutu wawo tsitsi linaleka kumera akadali mnyamata chifukwa cha nkhata. Anakulira pa ntchito ya mtengatenga. Ananyamula mitolo ya nsalu ndi matumba a mchere kuchokera kunyanja kukatula kwa Mpezeni, anafika ku Kabula, ananyamulanso azungu pa machila kukwera nawo mapiri athu ano. Anzawo ankabwera ndi nkhani zosatha za zimene anaona, koma iwo ankangofika, n'kusamba, n'kutenga khasu. Ukawafunsa za kumene achokera ankayankha kuti, "Kulinso anthu ngati kuno."

Chimene anatenga m'maulendowo ndi mantha a mtunda. Anaona amuna akudwala panjira, kapitawo n'kugawira ena katundu wawo, ulendo n'kupitirira. Anakumbako manda a munthu amene sankadziwa ngakhale mfunda wake, ndipo palibe anamulira. Choncho ankakonda kunena kuti munthu azikhala poti akadwala m'mawa, dzuwa lisanalowe abale ake amva. Atabatizidwa anaika nkhata pansi, napempha mbewu ya mbatata ya kachewere kwa ansembe, nayamba kulima kudimba kumunsi kwa mudzi.

Mwana wawo woyamba ndi Vinsenti. Anaphunzira pa kasukulu ka m'mudzi, kachisakasa kaudzu komwe tinkapemphereramo Lamulungu, ndipo sanachedwe kudziwa zonse zimene mphunzitsi woyendera midzi ankadziwa. Zaka zimenezo nkhondo ya Ajeremani inali isanayambe. Wansembe wamkulu wa ku mishoni anaitana makolo nawauza kuti mnyamatayo akhoza kukhala mphunzitsi, ndipo njira zilipo ziwiri. Akhoza kukhala pa mishoni pomwepo, pamene ansembe ankaphunzitsa okha anyamata angapo. Kumeneko ukanyamuka m'mawa umafika dzuwa lisanafike pamutu. Apo ayi apite ku sukulu yaikulu ya aphunzitsi imene inali ku mishoni ina, kutsidya kwa Bua, ulendo wogonera m'njira kangapo. Wansembeyo anati iye akadakonda yakutaliyo, koma makolo aganize okha.

Nkhaniyi inakambidwa pabwalo pa a Anastazia, tikusankha kachewere wa mbewu. Aliyense ankayembekeza kuti mayi ndiwo akana zakutali, chifukwa a Anastazia anali asanapitirirepo pa Boma la Dedza. Koma iwo ndiwo anayamba.

"Apite ku Bua konko."

A Gerevazio anasiya kusankha. "Amake Vinsenti, Bua mukumudziwa inu?"

"Sindimudziwa."

"Ine ndinamuwoloka madzi ali m'khosi. Mwana akadwala kumeneko, uthenga udzatipeza atamuika kale."

"Inu mumadziwa njira, ine ndimadziwa mudzi. Mwana wophunzira pafupi si wa sukulu, ndi wa mudzi wonse. Mudzaona."

"Ndidzaona chiyani?"

"Mudzaona miyendo yanu."

A Gerevazio anaseka, natembenukira kwa ine kuti, "Mlamu, mwamva? Mayi akuthamangitsa mwana wake." Ine ndinangoti nkhaniyo ili ndi eni ake, ndipo zinali zoona. Kwathu kuno bambo akhoza kulankhula, mayi akhoza kulankhula, koma womanga nkhani ya mwana ndi malume ake.

Amuna anga sanachedwe nayo. Anali munthu wansangala, wokonda mphwake kwambiri, ndipo chikhristu anachilandira ndi mtima wonse ngakhale kuwerenga kunawakanika. Anati, "Mwana wa mlongo wanga akakhale kutsidya kwa Bua? Nanga mapemphero atiwerengera ndani?" M'mudzi mwathu ndi midzi yoyandikana nayo, Vinsenti yekha ndiye ankatha kutsegula kabuku ka mapemphero n'kuwerenga a odwala ndi a pa manda osakakamira. Akhristu tinali ochepa, ndipo tinkafuna kuti akufa athu azipita ndi mawu oyenera. Motero alamu awiriwo anagwirizana, ndipo Vinsenti ananyamula mphasa ndi bulangete lake napita ku mishoni yapafupi.

Sipanathe mwezi, khanda la mdzukulu wina wa amuna anga linamwalira. A Petulo anaima pakhomo pa a Gerevazio nati, "Alamu, miyendo ndi yanu. Katengeni mwana." A Gerevazio anapita, ndipo madzulo anabwera naye. Kenaka anamwalira mkulu wina wa mudzi wa kutsidya kwa dambo, mkhristu mnzathu. Kenaka mayi wina wodwala chifuwa anapempha ubatizo ali pafupi kutsirizika, ndipo panafunika womufunsa mafunso. Nthawi zonse wotumidwa anali a Gerevazio, chifukwa panalibe wina woyenda msanga ngati iwo.

Ndipo maliro athu satha tsiku loika. Mbale sachoka mpaka anthu atameta, ndipo akati anyamuke pamapezeka wina wonena kuti, "Poti wabwera kale, atithandize kufolera nkhokwe." Vinsenti sankakana. Mwana wa ulemu akana bwanji malume ake?

Poyamba a Gerevazio ankasangalala nawo maulendowo. Ankabwera ndi mwana wawo akukukuta chimanga chowotcha, akumufunsa mayina a zinthu m'chinenero cha ansembe n'kumaseka. Ankauza akazi awo kuti, "Mwaona ubwino wa pafupi? Mwana uyu, wonenepa." A Anastazia ankangochapa malaya a mwanayo n'kumukonzera kamba wobwerera.

Mvula itatha, wansembe wamkulu anaimitsa a Gerevazio pamene anapita kukatenganso mwanayo. Sanakalipe. Anawauza kuti Vinsenti wakhala kumudzi nthawi yaitali kuposa pa sukulu, ndipo anzake amene anawapeza ali m'mbuyo amupitirira. Mayeso adzachitika m'nyengo yachisanu. Akadzapezeka palibe, kapena akadzalephera, malo ake adzapatsidwa mnyamata wina, chifukwa ofuna analipo ambiri. A Gerevazio anafotokoza zimenezi kwa amuna anga, ndipo iwo anavomera kuti wansembe wanena zoona. Anati sadzamuitananso pokhapokha patagwa maliro enieni. Koma kwa mwini mbumba maliro osakhala enieni ndi ati?

M'mwezi wa Juni, nkhungu itaphimba Phiri la Dedza masiku otsatizana, a Elena anamwalira. Anali mng'ono wa amayi awo a Petulo ndi a Anastazia, wotsala yekha mwa akuluakulu a mbumbayo. Anali atakalamba kwambiri ndipo anapita mwamtendere m'bandakucha. Ndiwo anabereka Vinsenti kumsana pamene amake ankadwala, ndipo ankamutcha "mwamuna wanga" mpaka atamera ndevu. Apa panalibe wokayika. Amuna anga anatenga kabuku ka mapemphero pa mtanda wa denga, nakapukuta mwaye, nati, "Alamu, lero musapume panjira."

Zimene zinachitika ku mishoni anandiuza okha a Gerevazio patapita nthawi, tikupalira kudimba. Anafika dzuwa litakwera pang'ono, napeza pabwalo pali zii. Mlonda wa ng'ombe za ansembe anawauza kuti mayeso ayamba dzulo lake ndipo atha mawa. Anazungulira kuseri, pamene panali uvuni wa njerwa, ndipo ali pomwepo anaona mwana wawo pakhonde la sukulu. Ansembe anali atamupatsa tiana tating'ono kuti atiphunzitse, wansembe atakhala pambali pa mpando akuyang'ana. Amenewo ndiwo anali mayeso a tsikulo.

Anati Vinsenti polemba pa bolodi choko chinathyoka, tianato n'kuseka. Iye anatola chidutswacho, nasekanso, nafunsa kamwana kamene kanaseka kwambiri kuti kabwere kadzalembe. Kanalemba chilembo chopenya kumbuyo. Sanakakalipire. Anakagwira dzanja n'kulemba nako limodzi. A Gerevazio anati anali asanaonepo mwana wawo ali pa ntchito yake. Kumudzi ankamuona akuwerenga pa manda, nkhope ili pansi. Apa anali wina.

Anadikira kuti amalize. Belu linalira, ana anabalalika, ndipo Vinsenti anatsika pakhonde nalunjika kuchitsime, akudutsa pafupi moti kutsokomola kokha akanatembenuka. A Gerevazio anabwerera m'mbuyo, nabisala kuseri kwa uvuni.

"Mlamu, sindinaganize kanthu," anandiuza. "Pakamwa panali uthenga, koma miyendo inatembenuka yokha. Ndinazindikira ndili kale pa mtsinje."

Anafika kumudzi dzuwa litapendeka. Amayi tinali m'nyumba ya siwa, amuna atakhala panja mozungulira zitsa zofuka, ndipo adzukulu okumba manda anali atabwerako. Anthu anayang'ana kumbuyo kwawo, kunjira, koma kunalibe munthu.

"Mwana ali kuti, alamu?" anafunsa amuna anga.

Akanatha kunena kuti ansembe akaniza, ndipo aliyense akanakhulupirira. Koma anagwada pansi nati, "Sindinamuuze."

"Simunamupeze?"

"Ndinamupeza. Sindinamuuze."

Amuna anga anayang'ana kabuku kamene kanali m'manja mwawo, kenaka anauza adzukulu kuti mwambo upitirire. Pa maliro sakambirapo mlandu. Tinawaika a Elena madzulo omwewo. A Petulo anaima kumutu kwa manda kabuku kali kotseka, ndipo tinanena zimene tinkadziwa pamtima, Atate Athu ndi Tikuoneni Maria. A Anastazia anatsogolera kolona. Anthu amene sanali akhristu anayang'anizana, chifukwa anazolowera kuti maliro athu amakhala ndi mawu ambiri.

Titameta, nkhani inakambidwa m'mawa kuseri kwa nkhokwe za amuna anga. Panali abale okhaokha ndi ankhoswe a banjalo. Kubisa maliro ndi chinthu choopsa kwathu. Wotumidwa uthenga wa maliro saima kucheza, sapatuka, ndipo sabwerera nawo. Mayi wina wamkulu anati a Gerevazio aika mwana pa mbiri yoipa, poti anthu adzati Vinsenti wayamba kunyada ndi sukulu, ndipo tsiku lake likadzafika adzasowa womuika. Maliro n'kulirana. Wina anati mkamwini wakula mwendo.

Ine ndinkaganiza kuti a Anastazia awaikira kumbuyo amuna awo, popeza zinachitikazo zinali zimene iwo ananena kale. Koma anali okwiya kuposa onse.

"Ine ndinati mwana apite kutali. Sindinati mubise maliro a amayi anga. Akanakhala ku Bua, tikanati mtunda. Lero tinena kuti chiyani?"

A Gerevazio sanadziteteze. Anati alakwa, ndipo anapempha kuti apepese ndi mbuzi yawo yaikazi, imene inali yokhayo. Ankhoswe anavomera. Anthu anayamba kusuntha kuti adzuke, koma iwo anali asanamalize.

"Alamu, pali china. Ine ndine ndinalimbikira kuti mwana akhale pafupi, ndipo ine ndemwe ndakhala ndikumuzula pa sukulu ngati chinangwa. Mukandituma kachiwiri, sindikudziwa chimene ndidzachite. Ndikamuuza, ndamuphera ntchito. Ndikapanda kumuuza, ndalakwira mudzi. Mwanayu ndi wanu. Ngati mukufuna akhale mphunzitsi, mutumizeni kumene simungathe kundituma."

Amuna anga anati amva, koma sanayankhe tsiku limenelo.

Vinsenti anabwera Loweruka, mayeso atatha, akuimba mluzu. Pa chitsime cha kumunsi kwa mudzi anapeza amayi akutunga madzi, mitu ili mbee. Anaona amake nawonso ali ometa, ndipo anaika mtolo wake pansi. Atamva kuti ndi a Elena, ndiponso kuti bambo ake anafika mpaka pa uvuni wa njerwa, sanapite kunyumba kwawo. Anabwera kwathu, nakhala pakhonde, osadya.

Madzulo bambo ake anabwera, naima chapatali.

"Vinsenti."

"Munandiona?"

"Ndinakuona."

"Ndiye munaganiza kuti choko n'choposa agogo?"

"Sindinaganize choncho."

"Mukanandiuza, ndikanasankha ndekha."

"Ukanabwera," anatero a Gerevazio. "N'chifukwa chake."

Mnyamatayo analowa m'nyumba mwathu natseka chitseko. Bambo ake anapita kukatsekera nkhuku.

M'mawa mwake amuna anga anapempha chilolezo kwa adzukulu, natenga mphwawo kupita naye kumanda. A Gerevazio anatsatira m'mbuyo ndipo palibe anawabweza. Vinsenti anawerenga mapemphero onse amene sanawerengedwe tsiku loika. Pobwera a Petulo anamukhazika pa mtondo wogona, nanola lumo, nayamba kumumeta okha. Ine ndinali pafupi ndikusenda nyemba.

"Mayeso aja anayenda bwanji?"

"Ndakhoza, amalume, koma ndili kumapeto. Ansembe akuti zowerengera ndatsalira."

"Kumapeto kwa anthu angati?"

"Kwa onse."

"Iwe, mdzukulu wa Angozo kumapeto? Weramitsa mutu." Lumo linayenda kanthawi. "Ku Bua kuja, ukufunako?"

Vinsenti anati, "Ndikufuna ndimalize."

"Udzapita. Koma sundisiya ndi buku lotseka ngati tsiku lija. Ndinachita manyazi pamaso pa anthu a gule. Usananyamuke, zonse zili m'menemo uzilowetse m'mutu muno."

Wansembe anavomera kuti Vinsenti asamukire ku sukulu yaikulu ikadzatsegulidwa, mvula isanagwe. Miyezi yotsalayo pakhonde pathu panasanduka sukulu. Dzuwa likapendeka, mphwake ankanena mzere, malume n'kubwereza. Amuna anga ankasakaniza pemphero la odwala ndi la akufa, ndipo Vinsenti ankati, "Amalume, munthuyo akadali moyo, mwamuika kale." Iwo ankayankha kuti, "Ndiye afulumire, ine ndaloweza limeneli." Amayi tinkamvera tikusinja, ndipo ena tinaloweza msanga kuposa mwini sukulu, koma sitinanene. Pofika mwezi wa Okutobala a Petulo ankatha kunena mwambo wonse wa pa manda kuyambira poyamba mpaka pa Amen.

Vinsenti anabwerera kukagona kwa makolo ake, koma ndi bambo ake ankangolankhulana zofunika. Tsiku lonyamuka, a Gerevazio anapota nkhata yatsopano ya masamba a nthochi, nasenza bokosi la mwana wawo. Mnyamatayo anati anyamula yekha. Iwo anati, "Iwe nyamula kamba. Mutu wako uli ndi ntchito ina." A Anastazia anawaperekeza mpaka pa dambo, nabwerera osatembenuka.

Zimene anakambirana panjira sindizidziwa. A Gerevazio anangondiuza kuti atawoloka Diamphwe mwanayo anayamba kuwafunsa za maulendo awo akale, ndipo iwo anamuuza zinthu zimene anali asanauzepo munthu.

Anabwera okha ataonda, mapazi atang'ambika. Anati malowo ndi abwino, madzi ali pafupi, anyamata amalima nyemba zawo, ndipo Vinsenti wagona pafupi ndi mnyamata wina wachingoni dzina lake Mandla, wolankhula kwambiri. Anatinso ndi kutali ndithu, ndipo maganizo awo pa za mtunda sanasinthe.

Amene anavutika chaka choyamba ndi a Anastazia. Sanadandaule pagulu, poti mawu anali awo, koma ankaphika chakudya chochuluka n'kumadabwa kuti chatsala. Tikamapalira, ankafunsa amuna awo kuti awafotokozere njira. A Gerevazio ankayamba pa Linthipe, n'kunena mudzi umene anapempha madzi, mtengo umene anapumapo, pamene anagula nzimbe. Akafika pakati ankaleka.

"Lero tigone pompano, amake Vinsenti. Mwatopa."

"Ndatopa ine kapena inu? Tiyeni, tiwoloke Lilongwe."

Mawa lake ankayambira pomwe analekera. Pofika nthawi yokolola, a Anastazia ankaidziwa njira ya ku Bua moti amuna awo akadumpha mudzi ankawakonza.

Maliro anagwa m'zaka zimenezo monga amagwera nthawi zonse. Palibe anaganiza zotuma munthu, ndipo palibe ananena kuti Vinsenti wanyada. Anthu ankangoti ali kutali. Akabwera pa tchuthi, malume ake ankamutengera kumanda n'kumuonetsa amene anapita iye kulibe. Amuna anga anatsogolera mapemphero m'midzi yonse yozungulira mpaka chaka cha chimfine chachikulu, nkhondo itangotha, pamene Ambuye anawaitana nawonso. Mulungu awapatse mpumulo.

Vinsenti anamaliza. Sanakhale woyamba, koma sanakhalenso kumapeto. Lero akuphunzitsa pa mudzi wina kutsidya kwa Linthipe, ndipo anakwatira komweko. A Gerevazio sanawatengere kunkhondo kukanyamula katundu chifukwa bondo lawo linali litayamba kale kutupa, ndipo akadali kulima kachewere. Makolo ena amabwera kudzawafunsa ngati n'kwabwino kutumiza mwana kutali. Iwo sanena kuti inde kapena ayi. Amafunsa kuti m'mudzi mwawo muli anthu angati odziwa kuwerenga, ndipo akamva kuti ndi mwanayo yekha, amati, "Ndiye pafupi sipamuthandiza."

Chaka chino asisitere a ku mishoni ya kumunsi kwa phiri apempha Jesinta, chitsirizira wa a Gerevazio ndi a Anastazia, kuti akakhale nawo aphunzire kuwerenga bwino, kusoka ndi kusamalira odwala. Dzana ndinawapeza awiriwo pakhonde akukonola chimanga, nkhani ili yomweyo.

"Mwana wamkazi ndiye mudzi," ankatero a Anastazia. "Vinsenti anali wopita kale, ngati inu munachokera kwanu. Uyu akapita, pakhomo pano adzatsala ndani?"

"Si kutali. Kutsika phiri basi."

"Kotentha kuja? Kwa udzudzu?"

"Ine ndinagonako kambirimbiri."

"N'chifukwa chake munafupika."

A Gerevazio anaseka mpaka kutsokomola, natembenukira kwa ine. "Mlamu, tithandizeni. Paja amene ankathamangitsa ana ndani pakhomo pano?"

Ndinati nkhaniyo ili ndi eni ake. Mwini mbumba tsopano ndi a Rafaelo, mng'ono wa malemu amuna anga, ndipo ati adzabwera Lamulungu tikaweruka ku mapemphero. Jesinta anali m'khitchini, ndipo ndinaona kuti wasiya kupeta kuti amve bwino.